Machesi a M'thumba Mwanga

Lamulo tinalilemba Lolemba ndi penti yofiira
pakhoma loyang'ana kugeti:
PANO FODYA AYI.
Anagwira bulashi ndine,
poti amati dzanja langa n'labwino pabolodi,
uku machesi akusokosera m'thumba la malaya.

Pa asembule mayi Nankhoma anati lamuloli lilibe msinkhu:
wophunzira, mlonda, mphunzitsi, ndi mlendo yemwe.
Sanandiyang'ane.
Kusandiyang'anako n'komwe kunandilasa.

Lachinayi pa buleki, fumbi la Kawale lili koboo,
ndinalondola utsi kuseri kwa zimbudzi.
Ndisaname, sunali udindo wondikoka;
chinali chibaba.

Ndinapeza Tsilizani wa Fomu 2,
kandudu pakati pa zala za inki,
akutsokomola mobisa ngati wakuba nkhuku.
Sanathawe.
"Sala, fizi yanga imachokera ku Kanengo.
Bambo amasenza mabelo kuokushoni.
Fodya wondilowetsa m'kalasi
akhale bwanji wonditulutsa?"

Yankho lake silinali m'silabasi.
Tinayenda limodzi kupita kuofesi,
iye patsogolo, ine pambuyo,
osadziwika wagwira mnzake ndani.

Kunalibe chikwapu.
Kunali buku, kalata, ndi mpando wodikira kholo.

Bambo ake anafika m'mawa mwake pa kabaza,
jekete likununkha tsamba la bale,
chipewa chili m'manja.
Anamvetsera zonse, kenako anati,
"Zaka khumi ndi zinayi ndili m'fodya,
sindinayatsepo ngakhale imodzi.
Wogulitsa palafini, mwanawe, samwa palafini."
Anasaina ndi chala chachikulu
nathamangira shifiti.

Mayi wa paokala ya kugeti akung'ung'udzabe
chiletsereni komiti kugulitsa imodziimodzi kwa a yunifolomu.
Akuti mandasi okha sagula ndiwo.
Mwina sakunama.

Ine lero ndi tsiku la makumi awiri ndi chimodzi.
Ndimatafuna mtedza mpaka nsagwada kuwawa,
ndimakalipira choko chikathyoka,
usiku ndimalota ndikusuta pakhomo pa ahedi.

Dzulo Tsilizani anabweretsa kope lake pa desiki,
nawerama kupitirira muyezo,
mphuno pafupi ndi kolala yanga.
Ananunkhiza.
Nane ndinanunkhiza.
Palibe anayankhula.

Machesi aja ali m'dilowa ya mulabu.
Atsala asanu ndi awiri.
Timayatsira mbaula ya sayansi,
ndipo woyatsa, Lachitatu lililonse,
ndi iyeyo.