Manja a Tanneke

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala m'chipinda chakumbuyo kwa Bwana Odulf,
pomwe zenera limasuzumira mtsinje wa Schelde
ndi zombo zotsitsa ubweya wa nkhosa.
Nkhope ndi za bwana.
Thambo ndi la Wannes,
mitengo ndi agalu n'za mnyamata wa ku Mechelen.
Ine anandigawira manja.

Ndinalowa muno mamina ali chuchuchu,
nsapato zamtengo zikundikulira.
Zaka zisanu ndinangopera:
dothi lofiira, makala a mafupa,
ndi mwala wabuluu uja wodula ngati golide
umene bwana ankautsekera m'bokosi, kiyi ali pakhosi.
Utoto woyera wa mtovu unandidya nkhama.
Mano atatu ndinawasiya pamphero.

Tsiku lina chimfine chitamugwetsa bwana,
mkazi wa wamalonda atatopa n'kukhala duu,
anandiitana ali m'bulangete:
Lieven, maliza zala zija, usandichititse manyazi.
Koma mayiyo anali atapita ndi manja ake omwe.
Ndinajambula amene ndinkawadziwa.

Mayi anga, Tanneke, ankatumbula nsomba padoko.
Chala chawo chamkombaphala chinapindika
chaka chimene mbiya yamchere inawagwera,
ndipo zikhatho zinali ming'alu yokhayokha,
yoti ukaigwira usiku unkadziwa kuti ndi iwo.
Ming'alu ndinaifafaniza. Ndinaveka mphete ziwiri.
Kupindikako ndinakusiya.
Mwamuna wa mayi uja analipira, natama nkhope.

Kuyambira pamenepo sindinafunsenso munthu.
Bishopu wodalitsa mzinda, woweruza wogwira kalata,
mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu wokwatiwa ndi nkhalamba,
Mariya wofungata khanda,
ngakhale msilikali wokhoma misomali uja:
onse dzanja limodzi,
lonunkha nsomba kwa ine ndekha.
Ena anakwera chombo kupita ku Spain.
Mayi anga sanaolokepo mtsinje.

Anamwalira m'chisanu chimene Schelde anauma gwa,
ana akuthamanga pamwamba pa madzi.
Uthenga unandipeza ndikusalaza chikhadabo cha meya.
Bwana anati utoto ukauma sudikira maliro.
Ndinamaliza.
Pofika, amayi apadoko anali atawakulunga kale,
manja ali m'kati mwa nsalu.
Sindinapemphe kuti amasule.

Tsopano bwana maso achita nkhungu.
Amabwera masana, nalemba dzina pakona,
chilembo chilichonse akupumira.
Dzana anandikodola, akumwetulira ndi nkhama:
wamva, Lieven? Ku Ghent akutsanzira chala changa.
Akuti ukafuna kudziwa Odulf weniweni
usayang'ane dzina, yang'ana chala chopindika.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ndinamupatsa madzi.

Lamulungu ndinakhala kumbuyo m'tchalitchi,
pafupi ndi khomo, pamene mphepo imalowera.
Misa itatha, anthu atabalalika,
kunalowa mayi wina wapadoko, mamba ali pamkono,
n'kugwada pansi pa Mariya wathu uja.
Nkhope sanaiyang'ane n'komwe.
Anapenyetsetsa pamene khanda latsamira,
nthawi yaitali, kandulo mpaka kudontha,
kenaka anatembenuza dzanja lake, uku ndi uku,
ngati ndalama yotola imene sakuikhulupirira.
Ataona kuti ndikumuona
analibisa m'chovala.

Angawa ayamba kunjenjemera.
Burashi ikumandipulumuka m'mawa kukazizira,
ndipo mnyamata watsopano, Faas,
wayamba kale kundiyang'ana zala
mmene ine ndinkayang'anira za mayi.
Dzulo ndinamupeza akuyeseza pakhoma ndi khala.
Anafufuta msanga ndi chigongono,
koma ndinaona:
mfundo zotupa, chikhadabo chakuda ndi utoto.
Ndinangomuuza kuti chala chachikulu wachifupikitsa,
n'kuika dzanja pathebulo
pamene kuwala kunali.