Pamene Madzi Amaima

Anayamba ndi mipando.
Anaizula ngati mano ovunda, mzere ndi mzere,
naiunjika kuseri kwa nyumba ya ophunzira zamankhwala,
manambala ake akuyang'ana kumwamba.
Wa nambala 214 ndinaupempha.
Sindinanene chifukwa, nawonso sanafunse.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndakhala ndikuthira laimu pabwalo lino,
ine Evaristo Huenchul, wa ndowa ndi chingwe,
kuwongola mizere imene ana a eni ake
amaifufuta ndi nsapato Loweruka lililonse.
Chivomezi chitang'amba khoma la kumpoto
ndinkapisa dzanja mumng'alumo mpaka m'chigongono.
Akuluakulu a yunivesite anati tidikire bajeti.
Tinadikira mpaka anamzeze anamangamo zisa,
naswa, ana awo naswanso.

Lero chigalimoto chokumba chafukula
wenzulo ya dzimbiri, makobidi amene anasiya kugula,
nsapato imodzi yothamangira, ya kumanzere.
Inzake inapita ndi ndani?
Mphepo ya ku Biobío yandithira fumbi la simenti m'kamwa
ndisanafunse wina aliyense.

Akuti kapinga watsopano adzabwera wokulungakulunga,
wapulasitiki, mizere yake yosokera kale ku fakitale.
Samera, safota, samva ludzu.
Safuna munthu.

Masana kunabwera injiniya, Ximena Antilef,
chisoti choyera, mapulani m'khwapa.
Ndinamuzindikira ndi mayendedwe:
ankathamanga mamita mazana anayi, mumzere wachitatu,
ndipo tsiku lina anagwa pokhota
ine n'kumutsuka bondo ndi paipi yothirira udzu.
Anatambasula pepala pa boneti, mphepo ikulimbirana naye.
Don Evaristo, anatero, pepalali likuti pano ndi pathyathyathya.
Nanga mvula ya mu Juni ikagwa, madzi amaima pati?

Ndinatsogola.
Tinalumpha zitsulo, tinalambalala mulu wa mchenga,
mpaka pangodya ya kum'mwera, pomwe pankaima kambendera.
Apa, ndinatero, ndikudinda ndi chidendene.
Kale pankadutsa kamtsinje.
Anakakwirira, koma sikanamve.
Chaka chilichonse kamabwera kudzazonda malo ake.

Anagwada ndi bondo lomwe lija,
nafinya dothi m'manja, nalinunkhiza,
kenaka n'kulemba ndi pensulo yofiira
timawu timene maso angawa sanathe kuwerenga.

Madzulo ano ndakhala pa 214, pakhonde langa.
Malemu Herminia ankakhala pomwepa
ndi fulasiki ya tiyi pamwendo,
anzake akukuwira zigoli,
iye akuyang'ana mizere
kuti akandiuze usiku pamene ndinakhotetsa.

Kutsidya kwa msewu atukula chitsulo choyamba cha denga.
Chikulendewera, chikuzungulira pang'onopang'ono,
anyamata pansi manja m'mwamba
akufuula kuti kumanja, kumanjabe,
tsitsa,
basi.