Mazira Makumi Atatu pa Mpando Wakumbuyo

Loweruka, kuseri kwa msika wa Kapata,
pagalaja ya Yotamu pomwe dothi linada ndi oyilo,
timotoka tathu titatu tinaima ngati ana a bere limodzi,
tating'ono, tamakani, tokoka ndi miyendo yonse inayi.

AShawa anayamba, phazi lili pa tayala:
"Kanga ndinakakweza zala zitatu.
Masipuling'i ake ndi chitsulo chenicheni,
matumba asanu a feteleza sakagwaditsa."
Esinati Njobvu, dokotala wa ng'ombe,
anaseka mpaka kugwira chitseko.
"Nanga kakakhala kopanda katundu?
Tinakuonani pa mabampu a ku Mchini
mukudumpha ngati mbuliwuli m'chiwaya.
Mano anuwo mwawawerenga?"

"Kanu kamayenda ngati kaledzera," anatero aShawa,
"pokhota kamapendama, kufuna kugona m'ngalande."
"Kufewa si kuledzera, bambo.
Mabotolo anga a katemera amafika ku Chadiza
osachita thovu."

Ine chete.
Mashoko anga akutsogolo ndi atsopano,
akumbuyo ndi a salaula, anatumikira kale dziko lina,
ndipo ngongole yake ndikali kulipira.

Yotamu anapukuta manja pa ovolosi.
"Pakamwa palibe maenje," anatero. "Gulani mazira."

Thireyi imodzi aliyense, pa mpando wakumbuyo, osamanga.
Tinasiya phula, tinakhotera wafumbi wa cha ku Vubwi,
msewu wa nthiti zokhazokha
ngati ng'ombe ya mu Okutobala.
Chiwongolero chinanjenjemera m'manja,
makobidi anavina m'kabokosi,
mnyamata wa makala anatsika panjinga kutiyang'ana,
akuluakulu atatu akuthamangitsana ndi mazira.

Pansi pa mtengo wa mango tinaima, tinatsegula.
Kwa aShawa mpando unali chikasu,
asanu ndi anayi anali atasanduka phala.
"Nkhuku za masiku ano," anadandaula, "zikhokho ngati pepala."
Kwa Esinati nthiti zija sizinaswe ngakhale limodzi,
koma pokhota pa kamlatho thireyi yonse inatsetsereka,
atatu anafera pansi, pafupi ndi jeke.
Kwa ine awiri anang'aluka chabe,
ndipo mkangano unabuka watsopano:
kodi dzira long'aluka ndi losweka?

Sindinawauze za Lachiwiri.

Tisauke, mkazi wanga, chimuchitireni opaleshoni ya msana
timapita ku Katete mwezi ndi mwezi.
Kuchoka kwathu kukafika pa phula
ankagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko,
kuluma nsonga ya chitenje,
ndipo ine maenje sindinkawaona ndi maso,
ndinkawamva m'kupuma kwake.
Dzenje lililonse ndinkapepesa
ngati ndinalikumba ndine.

Lachiwiri lija, mashoko ali ndi masiku anayi,
titadutsa Mtenguleni ndinamufunsa za fizi ya mwana.
Sanayankhe.
Dzanja linali litagwa lokha pa ntchafu,
pakamwa potseguka pang'ono,
tulo.
Tulo m'kamotoka kameneka, komwe kanamuliza chaka chathunthu.
Ndinazimitsa wailesi.
Ndinayenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula madzi m'beseni,
malole akuimba hutala kumbuyo,
kondakitala wina akunditukwana pawindo,
ine osayankha, kuopa kumudzutsa.

Tsono pansi pa mango paja,
aShawa akupala mpando ndi kamtengo,
akulonjeza kuti ulendo wina tidzayesa ndi matumba a simenti,
Esinati akuti ayi, tidzayese ndi mwana wa ng'ombe,
ntchentche zitayamba kale kusonkhana,
ine ndinatola awiri anga ong'aluka aja,
ndinawakulunga m'kapepala ka lisiti ya Yotamu.

"Nanga inu mukuti bwanji?" anafunsa onse awiri.
Ndinati, "Mwapambana nonse.
Ndithamange, awa asanatayike.
Kunyumba kuli munthu amawakonda okazinga,
ndi anyezi pang'ono."