Lero Sindinyamula Munthu

Lamulungu m'mawa. Ndamasula khushoni pa keliyala,
ndaisiya kwa Che Ajibu okonza njinga pa Chinamwali.
Andiyang'ana ngati ndagulitsa munda wa malume.
"Kumtundako kulibe kasitomala, Likaka."
Ndikudziwa, Che Ajibu. N'chifukwa chake.

Sabata yonse miyendo iyi ndi ya eni ake:
ya mayi wa dengu la matemba wa ku Mpondabwino,
ya mnyamata wa ku Chanko wochedwa mayeso,
ya wodwala wotsamira msana wanga mpaka pageti la chipatala.
Lero ndaibwereka.

Kungodutsa maofesi akale a boma, phula layamba kupendekeka,
poyamba mwaulemu,
ngati mwini ngongole amene wangobwera kudzapereka moni.
Kona yoyamba. Yachiwiri.
Tcheni chayamba kudandaula.
Giya ndi imodzi, ilibe m'bale woilandira katundu.
Ndaimirira pa mapedulo, njinga ikupita uku, ine uko,
chifuwa chili fuu, fuu, ngati mvukuto wa wosula makasu.

Andipitirira atatu ochokera ku Blantyre,
matayala owonda ngati chingwe cha nsapato,
zovala zothina, mabotolo a madzi pachitsulo.
Wam'mbuyo wacheuka, wandiimikira chala chachikulu.
Sindinamubwezere.
Kusiya handulo pano n'kugwa.

Bambo anga msewu uno ankaudziwa ndi zidendene.
M'bandakucha ankakankha njinga yopanda kanthu,
osaikwera, mphamvu ankasungira nkhuni.
Masana n'kutsika ndi mtolo wa paini wowaposa msinkhu,
buleki ili chidutswa cha tayala kuphazi,
fungo la labala wopserera likuwalondola mpaka kumsika.
Zaka makumi awiri ndi mphambu ziwiri.
Phiri ili sanalikwerepo ali pachishalo,
ngakhale tsiku limodzi.

Mphunzitsi wina amene ndinam'nyamula
anandiuza tili pamlatho wa Likangala
kuti thanthwe lonseli kale linali lamadzimadzi,
likubwata ndi moto pansi pa dziko.
Ndinaseka mpaka njinga inadzandira.
Lero sindikuseka.
Moto umenewo sunazime,
wangosamukira m'mawondo mwangamu.

Pakona ya kuphompho pali anyani.
Wamkulu sakusuntha, akungokanda m'khwapa.
Waona ambiri akutsika pomwepa n'kuyamba kukankha,
akudikira kuti andiwerenge nanenso.
Phazi lamanzere likupempha dothi.
Ndalikaniza.
Likupemphanso.
Ndikuwerenga mitengo: paini uyo, kenako uyo,
ndikafika pa wopsa ndi moto uja ndipuma,
ndafika, sindipuma, ndasankha wina.

Thukuta lalowa m'maso. Mphepo yasintha,
yayamba kununkha utomoni ndi madzi a Mulunguzi.

Ku Chawe.
Ndafika phazi lisanagunde pansi.
Ndimati ndiona Chilwa, ndiona Chisi, mwina ndi Mulanje yemwe,
ndiloze denga lathu la malata atsopano kuseri kwa Matawale.
Koma nkhungu yatseka zonse.
Thukuta lonse lija ndagulira chinsalu choyera.

Mtsikana wa mabulosi, Asiyatu dzina lake,
wandifunsa kumene ndasiya kasitomala.
Ndati ndinabwera naye, koma saoneka.
Waseka, wandiwonjezera atatu pambale ya faivi handiredi.
Ndadya nditakhala pamwala wozizira,
zala zafiira, miyendo ikunjenjemera yokha
ngati ikukambirana za ine.

Potsika, phiri likubweza zonse limodzi.
Mphepo m'makutu, misozi yopanda maliro,
masipoko akuimba.
Kona yachitatu, ndam'peza:
mkulu wa chipewa chong'ambika, mtolo wa paini wom'posa msinkhu,
phazi lili patayala, kautsi kakutuluka.
Fungo lija.

Msewu ndi wotakata. Mabuleki anga ndi atsopano.
Kutsogolo kulibe galimoto.

Ndagwira mabuleki onse awiri.
Nditsika pambuyo pake, pang'onopang'ono,
mpaka kumsika.