Pensulo ya pa Chingwe

Mapepala ayamba kugwera pakhomo,
ofiira, abuluu, achikasu, obiriwira,
nkhope zonse zikumwetulira ndi mano ofanana.
Ndimawatola m'mawa pochokera ku ntchito ya usiku,
nsapato zili chinyowere ndi mvula ya ku Rotherham
imene sidziwa kusiya.

Wofiira akuti amandidziwa.
Wabuluu akuti anthu ngati ine tachuluka m'dziko muno,
koma voti yanga ayi,
imeneyo sinachuluke.

Bambo Pickersgill, amene ndimawameta ndevu Lolemba lililonse,
anakumba malasha zaka makumi atatu.
Amati, "Mwanawe, kuno ngakhale chitsa
utachipaka utoto wofiira, chipambana."
Amaseka mpaka kutsokomola,
chifuwa chikulira ngati mgodi wotsekedwa.
Avotera mtundu umodzi kuyambira asanakwatire
ndipo wa mtunduwo sanakhalepo
pa mpando uwu wa pafupi ndi zenera.

Amene anagogoda ndi mayi mmodzi yekha,
mayi Thackray, wa ambulera yothyoka nthiti.
Chipani chake chonse chingakwane m'basi imodzi
n'kutsalanso malo a katundu.
Anandifunsa, "Chichotsereni basi ya usiku ija,
kuntchito mumafika bwanji?"
Ndinati, wapansi.
Analemba m'kabuku. Analembadi, ndikuona.
Dzina langa analifunsa katatu
mpaka lilime lake linagonja: Tionenji.

Walusungu, mnzanga wa kuntchito, akuti ndisapusitsidwe.
"Usataye voti, iwe.
Kuno wachiwiri ndi wotsiriza n'chimodzimodzi,
wopambana amatenga mbuzi ndi khola lomwe.
Votera amene umadana naye pang'ono
kuti atsekereze amene umadana naye kwambiri."
Ndinati, ndiye kusankha kumeneko?
Anati, ndiye masamu.

Lachinayi, m'holo ya tchalitchi
monunkhira tiyi ndi makatani akale.
Panalibe mzere wa m'bandakucha,
panalibe inki ya pa chala yokaonetsa kunyumba.
Pensulo yokha, yaifupi, yomangidwa pa chingwe
ngati ikhoza kuthawa ndi maganizo a munthu.
Mayina asanu ndi awiri.
Ndinaima nthawi yaitali,
masamu a Walusungu kukhutu lino,
kabuku konyowa kaja kukhutu linalo.
Kamtanda kanga kanapendekeka, koma kanalowa.

Usiku, odwala atagona, ndinatsitsa mawu a kanema.
Anawaimika pamzere ngati ana a sukulu,
mayi Thackray kumapeto kwenikweni,
phewa limodzi litadulidwa ndi m'mphepete mwa chithunzi.
Mavoti mazana asanu ndi awiri, kudza anayi.
Kenako mapu anapaka dera lathu lonse mtundu umodzi,
msewu wanga, holo ija, malo oimira basi,
ngati tonse tinayankhula ndi pakamwa pamodzi.

Kwathu amati mutu umodzi susenza denga.
Kuno denga lonse amasenzetsa mutu umodzi,
enafe tizingoyang'ana kumene likudontha.

Kutacha ndinawapatsa mankhwala bambo Pickersgill.
Anameza, n'kundikodola ndi chala.
"Pepala langa lija linapita pa positi," anatero.
"Manja anga ukuwadziwa mmene amanjenjemera.
Chaka chino anaphonya kabokosi ka masiku onse,
anakagwera m'munsi, kwa mayi wa ambulera."
Anatsinzina diso limodzi.

Ndiye kuti mwa anayi a pamwamba aja
awiri tili m'chipinda chino,
wina wa m'mgodi, wina wa ku Ntcheu,
tikununkhira sopo mmodzi.

Ndinavala jasi. Basi kulibe.
Ndinauyamba wapansi, mvula ili m'khosi,
ndikuyang'ana zitseko za m'mbali mwa msewu chimodzichimodzi,
kufunsa mumtima:
kodi ena mazana asanu ndi awiri aja
akugona kuseri kwa ziti?