Ndime Yachitatu

Madzi atabwerera mu Ruo
tchalitchi tinachita kutsegula ndi khasu.
Matope anali atagwada mpaka pa guwa,
mlamba utafera pansi pa benchi la amayi,
ndipo bokosi la kwaya, limene kiyi wake ndimasunga ine,
linali litayandama kukafika pakhomo
n'kugona chafufumimba.

Mabuku khumi ndi anayi.
Tinawayanika pa malata a bambo Alufandika
ngati makakana.
Dzuwa la ku Makhanga silipemphedwa kawiri:
pofika madzulo anali atauma gwaa,
otupa, opindika, akununkha dambo.
Tsamba ndi tsamba ndinamatula ndi munga wa mthethe,
koma pa nyimbo ya chopereka ija,
ija timaikonda chifukwa imalola chiuno,
masamba awiri anakana.
M'mabuku onse anakana
ngati anachita kupangana.
Ndime yachitatu inatsalira m'kati.

Lachinayi pokonzekera Misa
Zuze anakweza dzanja lake la zipsera za nzimbe
ndipo tinayamba bwinobwino.
Ndime yoyamba tinaiyamwira kubere.
Yachiwiri inabwera yosaitanidwa.
Kenaka ng'oma inapitirira yokha
ngati mbuzi yodula chingwe,
ife kukamwa yasaa.

Zaka zonsezi tinkaimba chiyani?
Maso ali m'buku,
mawu akungodutsa pa lilime ngati apaulendo
osagona m'mutu ngakhale usiku umodzi.

Nyamazawo anati imanena za mpesa.
Fulanjisika anati bodza, za nkhosa yosokera.
Anyamata a tenala ankangokanda m'mutu.
Woweruza mlanduwu akanakhala Semba.
Iye sukulu sanaiponde,
choncho nyimbo ankazimeza zathunthu,
besi wake ankagwedeza fumbi la m'mapaso.
Koma usiku uja Semba anabwerera kachitatu
kukatsitsa anthu mu mtengo wa mango,
ndipo bwato linakapezeka ku Chiromo
lopanda nkhafi.

Akatekisiti anati tidikire,
bambo mfumu adzabwera ndi mabuku msewu ukauma.

Lamulungu silinadikire.
Malata akuthetheka, makanda akulira,
dengu la chopereka likuyenda pang'onopang'ono:
mazira awiri, kambale ka nyika,
ndalama imodzi yosuluka nkhope.
Titafika pa ndime ija Zuze sanatsitse dzanja.
Tinaiimbira m'mphuno, milomo ili chitsekere,
sopulano pamwamba, ife a aluto pakati,
pansi pathu dzenje
pamene ankaima munthu.

Ndiye kumbuyo, pafupi ndi chitseko,
mawu osasa, osaphunzitsidwa, otsalira pang'ono pa ng'oma.
Mkazi wa Semba.
Mpango wakuda, maso ali pa khoma.
Sanalowepo kwaya chibadwire
koma zaka makumi awiri anamva mwamuna akusoka ukonde
pansi pa mgwalangwa, akuimba.
Theka Chichewa, theka Chisena,
ndime yake inkanena za msodzi wobwera chimanjamanja
amene alibe chopereka
koma manja onyowa,
ndiye akuti landirani omwewa.

Tinamutsatira ngati anapiye.
Zuze anaiwala kutilamula.
Ine amene ndimasunga kiyi
ndinasowa potsekera misozi.

Mabuku atsopano anafika mapira akucha,
pa njinga ya kabaza, akununkha guluu.
Usiku ndinayatsa koloboyi,
udzudzu ukuimba zake m'khutu,
ndinanyowetsa chala, ndinapeza tsamba lija.
Si mpesa. Si nkhosa. Si msodzi.
Imanena za tirigu,
mbewu imene kuno tinangoionera pa lilime
itasanduka kale Thupi.

Ndinawerenga kawiri, n'kutseka.
Fulanjisika akandifunsa ndimati sindinaone.
Lamulungu lililonse timatsegula pa nambala yake
monga anatiuzira akatekisiti,
maso m'buku mwaulemu,
ndipo pa ndime yachitatu
timamvetsera kumbuyo, kuchitseko,
kudikira kuti ayambe.