Nkhoswe ya Mkuwa

Buku linandinamiza ndili ku Zomba.
Linati chofulumizitsa chili ngati nkhoswe:
chimayanjanitsa awiri, mlandu n'kutha,
icho n'kubwerera kwawo
malaya osada n'komwe.

Usiku uno ndili ku Braamfontein, nsanja yachinayi,
mwezi wa Juni, zala zauma gwa,
ndipo m'kabotolo ka galasi muli kachidutswa ka mkuwa
kochepa ngati chikhadabo.
Lolemba tinakajambula, ine ndi Refilwe.
Pankhope pake panali timabokosi, mizeremizere,
tangodya zakuthwa, tonse tofanana
ngati nyumba za kulokeshoni ukamaziona uli m'ndege.

Tinakamiza m'madzi a mchere,
tinatsegulira mpweya wa kaboni,
womwe uja wa m'machumuni ndi m'mapapo mwathu,
n'kulumikiza nthambo.
Thovu linayamba kukwera, limodzilimodzi.

Ola loyamba, dzimbiri lopyapyala lija linasendeka,
mkuwa n'kutsala buno bwamuswe.
Unagwira mpweya, n'kuulanda okosijeni,
n'kukwatitsa kaboni ndi kaboni mnzake.
Makina analemba kuti etilini.
Refilwe anavina pakati pa mabenchi, magolovesi ali m'manja.

Pofika Lachitatu ngodya zinali zitabuntha.
Tizidutswa tinazuka pamalo pake,
tinayandama m'madzi, n'kukatera kwina,
kumanga timidzi pomwe panali bwalo,
kusiya mabwinja pomwe panali mzere.
Palibe anatituma.
Magetsi okhawo, kukoka, kukoka.
Etilini anayamba kuchepa, haidulojeni n'kuchuluka,
ngati munda wotopa umene ukubereka kaufiti.

Lachinayi kunada bii.
Mlonda anati ena akumba nthambo cha ku Fordsburg,
mkuwa womwewu, ukagulitsidwa pa sikelo kusanache.
Jenereta isanatsokomole, mphindi zisanu ndi ziwiri zinatha,
ndipo kachidutswa kanga, kataona kuti palibe woukoka,
kanavalanso dzimbiri mwakachetechete.
Magetsi atabwera kanagwira ntchito ndithu,
koma sikanali kaja ka dzulo.

Amalume a Jailosi anabwera kuno pa Wenela.
Anatsika m'mgodi ndi chifuwa cha ng'ombe,
anasandutsa mwala kukhala njinga, wailesi, malata khumi ndi awiri.
Pobwerera ku Ntcheu ankatukwana mbuzi m'chilapalapa
ndipo usiku m'nthiti mwawo munkalira likhweru.
Anthu ankati, Joni wawadya.
Iwo ankangoseka, n'kutsokomola, n'kusekanso.

Ine sinditsika pansi. Ndimakwera chikepe.
Koma Lamlungu mchemwali wanga Nachisale anati pafoni,
"Ukuyankhula bwanji masiku ano? Mawu ako aphwa."
Ndinayang'ana lisiti la ma randi ndinamutumizira,
asanduka kale fizi ya Tiyanjane ndi matumba awiri a feteleza,
ndipo ndinasowa poyambira.
M'takisi ndimayankha m'Chizulu chobwereka,
mutu pansi, kuti asafunse kwathu.

Mawa tidzakachotsa m'madzi, tidzakajambulanso.
Tidzaika zithunzi ziwiri pambali pa chinzake,
cha Lolemba ndi cha Lachisanu,
abwana adzaloza ndi cholembera.
Koma kukangotuluka m'madzi kamasintha,
kukangokumana ndi mphepo kamasintha,
ndiye chithunzi chachiwiricho ndi cha mlendo.
Amene anagwiradi ntchito ndi uja wa pakati,
wosakhazikika, wogumuka akumangika,
amene amakhalapo pokhapo magetsi akuyenda.
Ameneyo sitinamuonepo nkhope.

Refilwe akuti tikataye, tipange katsopano.
Ndavomera.
Koma ndatenga kabokosi, ndalembapo tsiku ndi nambala,
ndipo malo a dzina ndawasiya.
Kunja njanji ya ku Park Station ikulira,
mulu wa dothi la mgodi wayera ndi chisanu,
thovu likukwerabe m'galasi.
Ndakhala pansi. Ndiwerenga mpaka kuche.